Batani Limodzi, Zikalata Mazana

Pa 1 Januwale 2013, kwacha ya Zambia inadzuka itadulidwa maziro atatu. Bank of Zambia inalamula kuti K50,000 ikhale K50, K1,000 ikhale K1, ndipo makobili a ngwee, amene ana ambiri a ku Kanyama ndi ku Chawama anali asanawagwirepo, anayambanso kulira m'matumba. Kwa miyezi 6, mpaka pa 30 Juni, ndalama zakale ndi zatsopano zinkayendera limodzi, ndipo amalonda ankayenera kuonetsa mitengo iwiri: wakale wokhala ndi K, watsopano wokhala ndi KR. Nthawiyo itatha, R uja anafunika kuchoka nayenso.

Ku Kamwala, kumene masitolo oodetsa katundu azungulira msika wa Luburma, nkhaniyi sinathere ku banki. Inalowa m'mindandanda ya mitengo ya zitenje, mabulangete, mapoto ndi nsapato za ana a sukulu. Inalowanso m'makotesheni ndi m'mapangano a lendi osungidwa m'makompyuta. Mwini sitolo wokhala ndi mafayilo mazanamazana anakumana ndi funso limene alembi a m'maofesi, a m'mipingo ndi a m'timashopu totaipa amakumana nalo mpaka lero: kodi n'kutsegula fayilo iliyonse payokhapayokha, kapena pali njira yochotsera mawu osafunika m'zikalata zonse nthawi imodzi?

Njira ilipo, ndipo ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Vuto lake n'lakuti kompyuta imaona zilembo, siona tanthauzo, ndipo liwiro limene imakonzera chikalata ndi lomwelo limene imachiwonongera.

Mayina ofera m'zikalata

Mu Zambia mayina sakhalitsa. Celtel inasanduka Zain mu 2008, Zain n'kusanduka Airtel mu 2010. Mu Seputembala 2011, Pulezidenti Michael Sata atangolowa m'boma, bwalo la ndege la Lusaka linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda, la Ndola la Simon Mwansa Kapwepwe, la Livingstone la Harry Mwaanga Nkumbula. Banki ya Barclays inakhala Absa mu Febuluwale 2020. Mu 2021 boma la Hakainde Hichilema linaphatikiza maunduna awiri a maphunziro kukhala umodzi, ndipo Chama, yomwe inapita ku chigawo cha Muchinga mu 2011, inabwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa. Kusintha kulikonse kotere kumasiya dzina lakufa pamitu ya makalata, m'mafomu ndi m'malipoti, kuyambira m'maofesi a ku Government Complex pa Independence Avenue mpaka pa kantemba kotumizira ndalama ku Matero.

Kasitomala akalowa m'shopu yotaipa atagwira fulashi, amangoti, "Asisi, chotsaniko chabe dzina ili pa mapepala onse." Koma pansi pa pempho lalifupili pagona ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kusintha, pamene liwu lina lilowa m'malo mwa linzake. Yachiwiri ndi kufufuta, pamene liwu lichoka osalowa china. Yachitatu ndi kubisa, pamene dzina la munthu kapena nambala yake ziyenera kuchokeratu kuti wina asadzazione. Ntchito iliyonse ili ndi chida chake ndi ngozi yake, ndipo zolakwa zambiri zimayamba pamene munthu watenga chida cha ntchito ina n'kugwirira ina.

Zida zimene zilipo

Chida chimene wotaipa aliyense amachidziwa chili mu Microsoft Word. Kudina Ctrl ndi H pamodzi kumatsegula kabokosi ka Find and Replace: m'mwamba amalembamo mawu ofunidwa, m'munsi mawu olowa m'malo mwake. Kusiya m'munsimo mopanda kanthu n'kudina Replace All ndiko kufufuta. Mawuwo amachoka paliponse pamene apezeka, ndipo Word imanena kuti yasintha malo angati. Excel ili ndi kabokosi komweko, ndipo ikhoza kuuzidwa kuti iyende m'masamba onse a fayilo. LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imachitanso chimodzimodzi. Koma zonsezi zimagwira fayilo imodzi yokha, imene yatsegulidwayo.

Mafayilo akachuluka, ambiri amathamangira ku Notepad++, pulogalamu yaulere imene Don Ho anaitulutsa mu 2003. Ili ndi gawo la Find in Files: munthu amailozera foda, n'kuiuza mawu, ndipo imafufuza mafayilo onse a m'menemo n'kuonetsa mzere uliwonse umene mawuwo apezeka, isanasinthe kanthu. Koma imayenda bwino m'mafayilo a zilembo zokhazokha, monga a .txt, .csv ndi .html. Fayilo ya .docx, imene inabwera ndi Office 2007, ndi ina. Mkati mwake muli timafayilo tingapo tofinyidwa pamodzi, ndipo liwu limodzi likhoza kukhala litadukamo pawiri kapena patatu chifukwa wina anadetsa chilembo chimodzi kapena anakonza pakati pake. Amene ali ndi zikalata za Word zambiri amafunika macro, kapulogalamu kolembedwa mkati mwa Word momwemo, kamene kamatsegula fayilo, kusintha, kusunga, kutseka, n'kupita pa ina. Macro yolembedwa mothamanga imayenda m'thupi la kalata mokha, n'kusiya mutu wa pamwamba, mzere wa pansi ndi timabokosi ta m'mbali. Kumeneko n'kumene dzina lakale limakonda kukhala.

Akatswiri amapitirira pamenepa. M'malo mouza kompyuta liwu lenilenilo, amaiuza maonekedwe ake. Nambala ya chitupa cha NRC ili ndi manambala 6, kamzere kopendeka, manambala 2, kamzere kena, ndi nambala imodzi yomaliza. Kompyuta ikauzidwa kalembedwe kameneka imapeza NRC ya munthu aliyense m'mafayilo 1,000 popanda kuuzidwiratu ngakhale imodzi. Luso limeneli amalitcha regex. Maziko ake anayalidwa ndi katswiri wa masamu Stephen Kleene mu 1951, ndipo Ken Thompson ndi anzake a ku Bell Labs ku America analiika m'zida monga grep ndi sed m'zaka za m'ma 1970. Zidazi zikugwirabe ntchito lero.

PDF ndiye youma mutu. Kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993 kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, osati kuti lizisinthidwa, choncho kuchotsamo liwu kumasiya mpata kapena kusokoneza mzere. Komanso zikalata zambiri zimene zimayenda pa WhatsApp mu Lusaka ndi zojambulidwa ndi foni kapena sikana. Kwa kompyuta izo ndi zithunzi basi. Mulibe liwu loti n'kufufuza mpaka pulogalamu yowerenga zithunzi, yotchedwa OCR, itazisandutsa zilembo. OCR nayo imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, ndipo liwu limene yawerenga molakwa silipezeka pofufuza. Limatsala phee m'chikalata chimene aliyense akuti chayeretsedwa.

Makina akamvera mopitirira

Ngozi yoyamba ndi ya liwu lobisala m'mimba mwa liwu linzake, ndipo yachititsapo manyazi makampani odziwika. Mu 1996 anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England analephera kulembetsa ku kampani ya intaneti ya AOL chifukwa sefa yoletsa zotukwana inapeza mawu oipa pakati pa dzina la tauni yawo. Mu 2008 ofalitsa nkhani a OneNewsNow ku America, amene anakonza zoti liwu lakuti "gay" lizisinthidwa lokha, analemba katswiri wothamanga Tyson Gay kuti Tyson Homosexual. Mu 2012 owerenga buku la Leo Tolstoy la War and Peace pa kachipangizo ka Nook anadabwa kupezamo liwu lachilendo lakuti "Nookd". Wokonza bukulo anauza kompyuta kuti ichotse dzina la Kindle, chipangizo cha opikisana nawo, ndipo iyo inameza ndi mneni wa Chingelezi wakuti "kindled", wonena za kuyatsa moto.

Zoterezi sizifuna kuwoloka nyanja. Wogulitsa zomangira amene wauza kompyuta kuti paliponse pali "mwala" paikidwe "njerwa" adzapeza keyala ya sitolo yake ikunena kuti Kanjerwa, Lusaka. Mlembi wa mpingo wofufuta liwu lakuti "ana" m'mafomu adzasiya "anabadwa" atasanduka "badwa", ndipo Botswana adzatsala "Botsw". Replace All ili ngati mankhwala ophera udzu opoperedwa kuli mphepo: udzu umafadi, koma chimanga chapafupi chimapsa nawo. N'chifukwa chake Word ili ndi zotetezera ziwiri. Find whole words only imaletsa kompyuta kugwira liwu limene lili mkati mwa lina, ndipo Match case imaiuza kuti isiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

M'Chichewa, chotetezera choyambacho chili ndi polekezera. Mawu a chilankhulochi amamatirana kutsogolo ndi kumbuyo, moti wofufuza "sitolo" monga liwu lathunthu sadzapeza "masitolo", "kusitolo", "sitoloyi" kapena "sitoloyo". Mlembi ayenera kuyamba walemba pansi maonekedwe onse a liwulo n'kuwafufuza limodzilimodzi. Ngakhale atawapeza onse, kugwirizana kwa mawu kumamudikira kutsogolo. Gulu la amayi ochita chilimba ku Mtendere likalembetsa ku PACRA n'kukhala kampani, kusintha "bungwe" kuti akhale "kampani" kumabala ziganizo zopunduka monga "kampani lathu lidzapereka", pamene Chichewa chimafuna "kampani yathu idzapereka". Liwu limodzi likasintha gulu, chiganizo chonse chimafunika kutsatira, ndipo Find and Replace sadziwa zimenezo.

Kalembedwe nako kali ndi misampha yake. M'mabuku a Cinyanja a ku Zambia, potsatira kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, amalemba "cakudya", "kucita" ndi "nchito" pamene ku Malawi amalemba "chakudya", "kuchita" ndi "ntchito". Amene akusintha timabuku ta ulimi kapena ta mpingo tochokera ku Lilongwe kuti tiwerengedwe ku Lusaka ayenera kusamala ndi chimene ayambe nacho. Akayamba kusintha "ch" kukhala "c", kenako "tc" kukhala "ch", ntchito imatuluka nchito monga ziyenera. Akatembenuza, n'kuyamba ndi "tch" kukhala "ch", liwulo limamenyedwa kawiri n'kutsala "ncito". Ndipo njira iliyonse imene watsata, Chipata, Chilenje ndi Chawama adzataya h wawo ngati sanawateteze. Palinso timizere ta m'mawu monga ng'ombe ndi m'nyumba: kena n'kowongoka, kena n'kopindika, diso limationa ngati tofanana, koma kwa Notepad++ ndi zilembo ziwiri zosiyana. Chimodzimodzi Malaŵi wa kachipewa pa w, amene mapulogalamu ambiri samupeza munthu akafufuza Malawi wopanda kachipewa.

Maziro a 2013 aja amaphunzitsa china: si vuto lililonse looneka ngati la mawu limene lili la mawu. Wofufuta ",000" paliponse adzakonza K5,000 kukhala K5, zoona. Koma K1,000,000, imene inayenera kukhala K1,000, idzataya maziro onse 6 n'kutsala K1. K2,500 sidzasintha n'komwe, pamene inayenera kukhala K2.50, ndipo oda ya njerwa 1,000 idzasanduka njerwa imodzi. Akafufuta "000" wopanda mpatuliro (,), chaka cha 2000 chidzatsala 2, ndipo manambala ena a foni adzafupika. Apa yankho linali masamu: kugawa mzere wonse wa mitengo ndi 1,000 mu Excel, n'kusiya mizere ina osaikhudza.

Kuphimba si kuchotsa

Ntchito yachitatu, ya kubisa, ndi imene imabweretsa milandu. Ambiri amajambula kabokosi kakuda pamwamba pa dzina, kapena kusandutsa zilembo kukhala zoyera, n'kuganiza kuti zatha. Dzinalo limakhala lidakali pansi pake, ndipo aliyense wodziwa kukopa ndi kumata amalitulutsa. Mu 2005 asilikali a America anatulutsa lipoti la imfa ya Nicola Calipari, mkulu wa zaukazitape wa ku Italy amene anawomberedwa ku Baghdad, ndipo mayina ndi zinsinsi zimene anaziphimba zinawerengedwa ndi anthu wamba pongokopa mawu a mu PDF. Mu Januwale 2019 maloya a Paul Manafort, yemwe anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump, anachita cholakwa chomwecho pa chikalata cha kukhoti. Mu Januwale 2021 European Commission inafalitsa pangano lake la katemera ndi kampani ya AstraZeneca ndime zina zitadetsedwa, koma mawu ambiri obisidwawo anatsala poyera m'zizindikiro za m'mbali mwa fayilo.

Ku Zambia nkhaniyi tsopano ili ndi lamulo kumbuyo kwake. Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021, limapatsa udindo aliyense wosunga mbiri ya anthu ena, ndipo limasamala kwambiri zinthu monga za matenda a munthu. Kumapeto kwa 2023 kunabweranso lamulo la Access to Information, lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata ku maofesi a boma, kutanthauza kuti maofesiwo azifunika kutulutsa zikalata atachotsamo zachinsinsi za anthu. Sukulu yotumiza mndandanda wa ana kwa othandiza akunja, kiliniki yolemba lipoti la odwala, ndi mpingo wofalitsa mayina a olandira thandizo, onse ali m'gulu lomweli.

Kuchotseratu kumafuna chida chochotseratu. Adobe Acrobat Pro ili ndi Redact, imene imafafaniza mawu enieniwo osati kungowaphimba, ndipo LibreOffice ili ndi chida chofanana kuyambira 2019. Mu Word mawu amabisalanso m'malo amene Replace All siyang'anamo bwino. Track Changes ikakhala yoyatsidwa, chilichonse chofufutidwa chimasungidwa ndipo wolandira akhoza kuchibweza. Dzina la wolemba limakhala m'mbiri ya fayilo, ndipo nthawi zina dzina lobisidwalo limakhala ndilo dzina la fayiloyo. Inspect Document imathandiza kutulutsa zambiri mwa izi. Poyesa ngati ntchito yatheka, mlembi amakopa zonse za m'chikalata, n'kuzimata mu Notepad, n'kufufuza dzinalo. Likapezeka, ndiye kuti silinachoke.

Mawebusayiti aulere olonjeza kuyeretsa mafayilo ambiri nthawi imodzi ndi okopa, makamaka kwa wogwiritsa ntchito foni. Koma kuikamo mafomu okhala ndi NRC ndi manambala a foni ndiko kupereka zinthuzo kwa mlendo wosadziwika amene makina ake ali kunja kwa dziko, pamene lamulo la 2021 lija linaika malire pa kutumiza mbiri ya anthu kunja kwa Zambia.

Pali zikalata zina zosayenera kukhudzidwa n'komwe. Kalata imene inalembedwa mu 2019 ndi Ministry of General Education iyenera kukhala ndi dzina limenelo mpaka kalekale, pakuti ndi umboni wa nthawi yake. CV yonena kuti munthu anagwira ntchito ku Zain mu 2009 ikunena zoona; kumulembera Airtel ndiko kumunamizira. Gogo wobadwira ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, mu 1950 mapepala ake akale satchula Chipata, ndipo palibe cholakwika. Zoyenera kusinthidwa ndi zikalata zamoyo, monga mafomu osadzazidwa, mitu ya makalata ndi mitengo ya lero. Ndipo kuchotsa liwu kapena nambala pa satifiketi ya Examinations Council of Zambia, pa lisiti, pa kalata ya malo kapena pa pangano losainidwa si kukonza, ndi kupeka chikalata, mlandu umene uli mu Penal Code. Mu 2017 Teaching Council of Zambia inalengeza kuti yapeza aphunzitsi pafupifupi 500 okhala ndi mapepala achinyengo. Wotaipa amene wathandiza ntchito yotere sangadzibise kumbuyo kwa kasitomala.

Ndondomeko ya mlembi wosamala

Alembi odziwa ntchito amayamba ndi kukopa foda yonse n'kuisunga padera, makamaka pa fulashi ina. Ctrl ndi Z amabweza cholakwa m'chikalata chotsegula, koma Replace in Files ya Notepad++ ikadutsa m'mafayilo 300 palibe batani lobwezera. Kenako amafufuza osasintha kanthu, n'kuwerenga kuchuluka kwa malo amene apezeka. Munthu amene amayembekezera malo 40, kompyuta n'kunena 900, waona chenjezo lisanafike tsoka. Amayesa pa mafayilo atatu kapena asanu, n'kuwawerenga ndi maso kuchokera pamutu mpaka pansi. Zikayenda bwino, amamasula chidacho pa foda yonse, mawu aatali poyamba, aafupi pambuyo: "Barclays Bank Zambia" asanafike pa "Barclays" yekha.

Kufufuta kumasiya zinyalala zake. Pamene panali liwu pamatsala mipata iwiri yogundizana, mpatuliro wopanda mnzake, kapena chiganizo choyamba ndi chilembo chaching'ono. Ulendo wachiwiri wa Find and Replace umakonza mipatayo, koma chiganizo chimene chaduka msana chimafuna munthu.

Malaiti nawo ndi mbali ya nkhaniyi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba, makomboni a Lusaka ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Kompyuta ikazima macro ili pakati pa ulendo, theka la mafayilo limakhala litasintha, theka lina ayi, ndipo fayilo imene inkasungidwa panthawiyo ikhoza kuwonongekeratu. Laputopu yodzaza batire, kapena kugawa ntchito m'timagulu ta mafayilo 20 kapena 30, kumachepetsa ngoziyi.

Chotsika mtengo koposa ndi kupewa. Sitolo kapena sukulu imene ili ndi fomu imodzi yoyambira, m'malo mwa makope 50 osiyanasiyana, imasintha dzina la banki pamalo amodzi. Mail Merge, imene ili mu Word kale, imatenga mayina ndi mitengo kuchokera mu Excel n'kudzaza makalata onse yokha, moti chosintha chikabwera chimakonzedwa m'tebulo limodzi.

Pa mafayilo osapitirira 10, kutsegula imodziimodzi n'kudina Find Next kumakhala kofulumira kuposa kukonza zimene makina awononga. Pa mafayilo mazana, zida za nthawi imodzi n'zosapeweka, koma nthawi imene zapulumutsa iyenera kuthera pa kuwerenga. Amene akukasiya fulashi yake ku shopu yotaipa ku Kamwala, ku Kalingalinga kapena ku George afunse mafunso awiri asanalipire: kope lakale lasungidwa pati, ndipo ndi zikalata zingati zimene zawerengedwa ndi maso ntchito itatha.